Chiguduli Chonyowa pa Makina a Matalala

Chaka chija mvula inatikana ndinali mu Fomu 3, ndipo pa komboni pathu, kuseri kwa Banket, dzina langa linali loipa kale. Ndine Yotamu amene ndinaika bilimankhwe m'chipewa cha mkulu wa mpingo. Ndinenso amene ndinasakaniza nsapato za a mpingo wa Apostoli zomwe amavula akamapemphera, moti mdala wina anabwerera kwawo atavala zakumanzere zokhazokha. Zimenezo zinali zongoseweretsa manja. Ntchito yanga yeniyeni ndinaigwira chaka cha njalacho, ndipo ndikuilemba pano chifukwa anthu ayamba kuifotokoza molakwika.

Okutobala

Famu yathu kale inali ya mzungu. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pomwepa, ndipo anaikidwa pomwepa. Minda itagawidwa, mbali yokhala ndi damu ndi mabalani owotchera fodya inagwera a Marufu, Mshona wamtali amene tonse timangoti Mudhara, mdala m'Chishona. Ife tinatsala m'nyumba za komboni, tili ndi kamunda kakang'ono kuseri, n'kumadya za maricho, ganyu uja. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Esinati amene anali mu Giredi 6.

Makinawo anabwera pa galimoto yoyera, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera nawo mtsikana wa ku Harare wophunzira za nyengo, dzina lake Rudo. Chinali chitsulo chachitali kuposa munthu, pamwamba pali tizikho tozungulira ndi mphepo, pambali kasola, ndiponso kanthu koyera kooneka ngati timbale tozondotsa tosanjikizana. Mkati mwa timbalemo ndi mmene munali mphuno yake yonunkhizira chinyezi.

A Marufu ankafuna makinawo aikidwe pakhomo pawo. Rudo anakana, akuti pali kapinga wothirira ndi makoma, pafunika poyera. Koma poyera akuba sangasiye sola kugona panja. Anakangana mpaka amalume anga a Saizi, achimwene awo a amayi, analowererapo.

"Kaikeni m'mphepete mwa manda athu," anatero amalume. "Akabe kumeneko ndani?"

Anthu anaseka, koma zinali zoona. Kuseri kwa mandawo kuli dambwe, malo a gule wamkulu, ndipo amalume ndiwo amayang'anira. Osagula njira safikako. Ashona oyandikana nafe amauopa gule, amautcha zvigure, ndipo a Marufu enieniwo akamadutsa pa njinga yamoto amayang'ana kumbali. Ine njira ndinagula chaka cham'mbuyo mwake. Za kuseri kwa mitengoyo sindinena, koma m'mphepetemo ndinali ndi ufulu woyendamo.

Ndinagwirira Rudo sipanala pamene ankamanga.

"Sisi, ndiye kachitsulo aka katibweretsera mvula?"

"Ayi. Kazingonena zoona basi."

"Zoona tili nazo kale. Mvula ndi imene tikusowa."

Anaseka, n'kundifotokozera. Akuti makompyuta akuluakulu olosera nyengo amaona bwino za kumwamba, chifukwa masetilaiti amajambula mitambo nthawi zonse. Chimene chimawavuta ndi mpweya wapansi uno, womwe timapumawu. Chinyezi chake amangochiyerekeza, pamene chakudya cha mkuntho ndi chomwecho. Kukacha mpweya wapansi uli wonyowa, dzuwa n'kuutentha, umakwera msanga ngati utsi, ukafika kozizira kumwamba n'kuumba matalala. Kompyuta ikaphonya chinyezicho pang'ono chabe imati lero kuli bwino, madzulo miyala n'kugwa. Ndiye anali kudzala timakina totere ku Banket, ku Karoi, ku Selous, kuti tiziuza kompyutayo zenizeni za pansi.

A Marufu atamva za matalala anasendera pafupi. Chaka china m'mbuyomo anali atataya fodya yense masana amodzi, masamba ataboka ngati sefa. Rudo anawaikira pa foni yawo poonera nambala ya makinawo, yomwe imafiira chinyezi chikachuluka.

"Koma Mudhara, nambalayi payokha si chenjezo," anatero. "Ikafiira dikirani uthenga wathu. Timayamba taiphatikiza ndi zina."

A Marufu anagwedeza mutu, maso ali pa foni. Ine ndinaona kuti sanamve chilichonse, koma sindinaganizirepo kanthu.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, yamphamvu, usiku wake achule n'kuimba. Aliyense anadzala. Amayi anadzala mbewu yonse imene anasunga, osasiyako. Chimanga chinamera bwino, chinafika m'kakolo, kenako thambo linayera ngati mbale yotsuka. Masamba anapotana. Pa wailesi ankati chaka chino mvula ikhala yochepa m'dziko lonse, ndipo anthu ankatseka wailesiyo ngati kuti ndiyo yalakwa.

Fodya wa a Marufu yekha ndiye anali wobiriwira, chifukwa anawokedwa msanga ndipo ankathiriridwa ndi madzi a m'damu. M'mawa uliwonse anthu a pa komboni ankakaima pa geti pawo kupempha maricho. Ankatenga ochepa, malipiro ake chimanga theka la ndowa, ena onse n'kubwerera. Amayi ankatengedwa mwa apo ndi apo, chifukwa kapitawo, Tonde, mwana wa mchimwene wawo wa a Marufu, ankakonda anyamata amphamvu.

Kunyumba tinali ndi mgolo wachitsulo wosungiramo chimanga. Ndinkaugogoda ndi chala kuyambira pamwamba kutsika. Mopanda kanthu umalira ngati belu, mokhala chimanga umangoti phi. Mwezi umenewo beluyo anali atatsika kupitirira pakati.

Disembala

Mtengo wa ndowa ya chimanga ku Banket unkakwera Loweruka lililonse, ndipo ogulitsa anayamba kubwera ndi ndowa zophwanyidwa pansi kuti zichepe. Chimanga cha thandizo chinafika kusukulu, koma ambiri a pa komboni alibe zitupa, ndiye anangokaonerera ena akusenza. Mabanja awiri anapita kokumba golide. A Nabanda, oyandikana nafe, anagulitsa chitseko cha nyumba yawo n'kupachika bulangete. Tinkadya kamodzi, madzulo. Masana masuku a m'tchire, atatha masuku mango osapsa ophika.

Panabwera mayi wina wa ku Chinhoyi wogulitsa kaunjika, Mai Shupi, amene anali ndi khanda. Anamuona Esinati akutunga madzi n'kulankhula ndi amayi kuseri kwa nyumba. Ine ndinali padenga la chimbudzi pa zifukwa zanga, ndiye ndinamva zonse. Ankafuna mwana wolera khandalo. Adzadya kwawo, adzavala kwawo. Za sukulu, akuti tidzaona.

Madzulo amayi anatiuza okha.

"Mgolowu ukatha tisanakolole, Esinati apita ku Chinhoyi. Sindingaone mwana akukomoka m'nyumba muno."

"Apite Yotamu," anatero Esinati. "Ndi amene amadya kwambiri."

"Yotamu angamutenge ndani?" anatero amayi. "Khanda la eni alimangirira ku mbuzi."

Tinaseka tonse. Kenako Esinati anatuluka panja n'kukhalako nthawi yaitali. Mtsikana ameneyu ndi kazitape, chilichonse ndachita amakanena kwa amayi, koma m'kalasi mwake palibe womuposa masamu. Ana opita kolera makanda ndimawadziwa. Palibe amene anabwererako kusukulu.

Nzeru inandipeza mwangozi. M'mawa wina ndinakasamba kudamu, ndinachapanso malaya a sukulu, n'kudzera njira ya kumanda. Posowa poyanika ndinangowaponya pa timbale toyera tija, ine n'kukhala pamthunzi. Sipanapite nthawi, ndinamva njinga yamoto ikulira ku komboni ndi mawu a Tonde.

"Mhanyai! Thamangani nonse kumunda! Chimvuramabwe chikubwera! Ndi ana omwe!"

Chimvuramabwe ndiye matalala m'Chishona. Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo kophimba ntchentche. Ndinayang'ana malaya anga akudontha pa mphuno ya makina. Ndinawachotsa bwinobwino, ndinawavala ali onyowa, n'kuthamangira nawo kumunda.

Tsiku limenelo komboni yonse inathyola fodya. M'nyumba mwathu munalowa chimanga cha anthu atatu. Matalala sanagwe, ndipo a Marufu anati adutsa cha ku Karoi, Mulungu ndi wabwino.

Januwale

Malaya ndi ochepa ndipo amauma msanga. Ndinapeza chiguduli chakale chokulungira fodya. Ndinkachiviika m'damu m'mawa, n'kuchikulunga pa timbale, n'kupita kukaima pa geti ndi anzanga, nkhope yaulemu, kudikira kuti foni ya a Marufu ifiire.

Musaganize kuti ndinkachita mwachisawawa. Fodya amathyoledwa kuyambira masamba apansi, ndipo tsamba likathyoledwa losapsa limatuluka m'balani lili lobiriwira, la giredi yotsika. Ndikanachita tsiku lililonse bwenzi mdalayo atagwa, ife n'kugwa naye. Ndiye popita kusukulu ndinkadzera m'mphepete mwa munda kuona ngati masamba ayamba chikasu. Akatsala pang'ono kupsa, matalala anga aja ankabwera. Kusiyana kwake kunali kwakuti ntchito imene akanagwira anyamata ochepa a Tonde sabata yonse inkagwiridwa ndi komboni yonse tsiku limodzi. Fodya atachuluka, a Marufu anatsegula mabalani akale a nthawi ya mzungu. Panafunika omata ming'alu, odula nkhuni, osoka masamba. A Nabanda anagulanso chitseko.

Mphekesera zinayenda. A mpingo wina ankati makinawo ndi amene akumwa mitambo. Ena ankati mizimu ya kumanda ikupumira pa chitsulocho chifukwa yakwiya. A Marufu anatuma Tonde kuti akaone ngati makina ali bwino. Tonde, poopa manda, anaima patali, pomwe munthu amaoneka ngati chitsa, n'kubwerera kukanena kuti zonse zili m'malo.

M'mawa wina ndikukulunga chiguduli, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali amalume a Saizi, atanyamula nkhwangwa. Anayang'ana chiguduli, anayang'ana ine, anayang'ana pansi.

"Iwe, mutu wako uli ndi madzi?"

"Amalume, ndimangochiyanika."

"Ukuyanika. Taona pansipo. Dziko lonse lauma, pano pokha pakumera udzu. Uzifinya kaye, chitsiru iwe."

Anapitiriza ulendo wawo. Tsiku limenelo pothyola fodya ndiwo ankayang'ana kumwamba kwambiri kuposa aliyense, n'kumapukusa mutu mwankhawa.

Chimanga cha m'kamunda kathu chinali chitauma chiliri. Koma beluyo mumgolo anasiya kutsika, ndipo Mai Shupi atatumiza uthenga amayi anayankha kuti adikire kaye.

Febuluwale

Galimoto yoyera inabweranso. Rudo anapempha amalume kuti amuperekeze, ine n'kuwatsatira ngati wonyamula sipanala. Anamasula timbale tija, anatulutsamo ulusi wa chiguduli, n'kuuika pa chikhatho. Anayang'ana kabwalo ka udzu wobiriwira. Amalume mwadzidzidzi anakumbukira kuti asiya mbuzi zosamanga.

"Yotamu," anatero Rudo, "makina a ku Banket akuti kwauma. A ku Karoi akuti kwauma. Ako okha akuti tili pakati pa dambo. Kompyuta inasiya kuwakhulupirira kalekale, imangotaya zonse zochokera kuno."

"Ndiye palibe chawonongeka, sisi."

"Palibe? Dera lino lonse lakhala lopanda mphuno mwezi wathunthu. Mkuntho weniweni ukanabwera, tikanauphonya. Kuli sukulu za madenga ofooka kunoko. Ukuganiza kuti ndinayenda ulendo wonsewu chifukwa cha fodya wa munthu mmodzi?"

Ndinamuuza za mgolo ndi za Chinhoyi. Sindinkapepesa ayi, ndinkangomufotokozera mmene iyenso anandifotokozera za mitambo. Anabwezeretsa timbale.

"Dzina lako sinditchula," anatero. "Koma mdala uja sindimunamiza."

Anakawauzadi kuti makina ankapatsidwa chinyezi chabodza, ndipo anawakumbutsa kuti iye sanatumizepo chenjezo ngakhale limodzi. A Marufu anaima pa geti akuloza komboni ndi ndodo, akutukwana maBhurandaya tonse, dzina lotinyozera ife amene makolo athu anachokera kunja, ndi zvigure zathu. Nambala ija anaifufuta pa foni. Maricho anaima. Anabweretsa abale awo awiri ochokera kumudzi kwawo kuti azithyola pang'onopang'ono ndi anyamata a Tonde. Anthu ankapitabe pa geti m'mawa uliwonse, chifukwa kwina kopita kunalibe, n'kubwerera chimanjamanja.

Amenewo ndiwo anali masiku oipitsitsa. Tinadya gaga, tinadya masamba a chisoso opanda mchere wokwanira. Ena pa komboni, amene anali atadziwa, ankati mlandu ndi wanga. Ine ndinkawafunsa ngati ndowa za Januwale anazibweza. Beluyo anafika pansi penipeni pa mgolo. Amayi anatumiza uthenga ku Chinhoyi, yankho n'kubwera lakuti Mai Shupi adzafika Loweruka loyamba la Malichi. Esinati anachapa zovala zake, n'kupinda yunifolomu payokha, akuti aisiyira mwana wa a Nabanda.

Malichi

Lachinayi la sabata imeneyo mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera cha kumpoto chakumadzulo. Lachisanu kunacha kolemera. Thukuta silinkauma pakhungu, machesi ankakana kuyaka. Ndinatenga chiguduli changa kupita nacho kumanda, osati ndi nzeru iliyonse, kungoti munthu akasowa chochita amabwerera ku ntchito imene amaidziwa. Pa bokosi la makinawo pali kagalasi koonetsa nambala. Ndisanakulunge kanthu, inali itakwera kale kufika pomwe chiguduli changa chinkaifikitsa. Ndinaima pamenepo ngati munthu amene walandidwa ntchito.

Ndikubwerera ndinapeza amalume ali pa foni ndi Rudo. Anandipatsira.

"Lero sindine, sisi."

"Ndikudziwa. Banket ikunena zomwezo, Karoinso. Chinyezi chalowa usiku, chochuluka kuposa mmene kompyuta inkayembekezera, makina anuwo ndi amene ayamba kuchiona. Madzulo ano kukhala mkuntho, mwina wa matalala. Ana asakhale panja."

"Agwa pa famu pano?"

"Zimenezo sindingalonjeze. Akhoza kugwa kwa oyandikana nanu, inu n'kungomva mabingu. Koma zonse zofunika zilipo."

"Mudhara mwawauza?"

"Andidulira foni. Akuti ananamizidwa mokwanira."

M'munda munali mutatsala masamba apamwamba, akuluakulu, amene amagulidwa bwino. Ntchito ya komboni yonse. Ndinaganiza ndili chiimire. Kunamiza munthu kuti akhulupirire bodza ndinali nditakuzolowera. Apa panafunika kumunamiza kuti akhulupirire zoona, ndipo mawu sakanathandiza, chifukwa mawu athu anali atatha mtengo.

"Amalume," ndinatero, "lero pa geti pasapite munthu."

"Wapenga? Anthu ali ndi njala."

"N'chifukwa chake. Mudhara amatidziwa kuti sitiphonya geti ngakhale pali maliro. Akaona palibe munthu, afuna kudziwa chimene tikuopa. Aliyense akwere padenga aziikapo miyala."



"Akapanda kugwa matalalawo, atithamangitsa m'nyumba zino. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Koma mawa ndi Loweruka."

Anayenda okha khomo ndi khomo. Amalume akalankhula ndi mawu aja a kudambwe anthu safunsa kawiri. Dzuwa likukwera, geti la a Marufu linali lopanda munthu koyamba chiyambire njala. Tonde anabwera pa njinga yamoto n'kupeza amuna ali pamadenga, akazi akulowetsa nkhuku ndi mbuzi m'nyumba. A Nabanda anawonjeza zawo, anayamba kulira mokweza akuitana ana awo mayina mmodzimmodzi, anawo ali pambali pawo pomwepo. Ndinachita kuwanong'oneza kuti achepetseko.

Posakhalitsa anafika a Marufu eni ake.

"Nhai Saizi, chii? Chikuchitika n'chiyani kuno?"

"Palibe, Mudhara. Tikungokonza madenga."

"Tsiku limodzi nonse?"

"Mtsikana wa ku Harare uja anaimba. Inu sanakuimbireni?"

A Marufu anapukuta thukuta m'khosi, anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana kumpoto komwe timitambo toyera tinali titayamba kutukumuka.

"Tsikani," anatero. "Tiyeni kumunda."

"Lero ayi, Mudhara," anayankha amalume ali padenga. "Kumunda kulibe denga. Miyala ikatipeza kumeneko?"

Zimenezi sitinapangane. Anthu amene dzulo lake ankagwada pa geti anapitiriza kusanja miyala ngati sakumva. Mdalayo anayang'ana nyumba ndi nyumba. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Foni akanaikayikira, mtsikana wa ku Harare akanamukayikira, koma munthu wanjala wokana chimanga anali asanamuonepo.

"Ndowa yodzaza," anatero. "Munthu aliyense. Ndi ana omwe."

Amayi, amene nthawi zonse amalankhula ndi a Marufu maso ali pansi, ndiwo anayankha.

"Chimangacho chiyambe chafika kuno, Mudhara. Tikathyole mitima ili m'malo."

Thirakitala inabweretsa matumba. Tinathira m'migolo, n'kuthamangira kumunda.

Sindinaonepo anthu akuthyola fodya ngati tsiku limenelo. Palibe ankaimba. Esinati ankanyamula masamba ochuluka moti ankangooneka miyendo. Dzuwa litapendeka mitambo ija inali itasanduka phiri lakuda lokhala ndi mutu wophwatalala, pansi pake pobiriwira moopsa. Mphepo inaima. Kenako kunabwera ina yozizira ngati yotuluka m'firiji, ndipo tinamva mkokomo ukuchokera cha kudamu. Tinathawira m'mabalani ndi m'shedi yosankhiramo fodya.

Anagwa aakulu ngati mazira a nkhunda. Pa malata sitinkamvana. A Marufu anaima pakhomo pa shedi akuonerera mizere imene sitinaifike ikusanduka ndodo zokhazokha. Inali mbali yaing'ono ya kumunsi. Ina yonse inali pansi pa denga, itaunjikidwa mpaka m'chiuno. Matalala atasiya inagwa mvula yeniyeni, mpaka m'mawa.

Loweruka galimoto ya Mai Shupi inafika itadzola matope. Amayi anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawafunsa za khanda. Kenako anati mwana sapita. Mai Shupi anati tinagwirizana, mafuta a galimoto awononga. Amayi sanakangane nawo. Analowa nawo m'nyumba, anagogoda mgolo cha pakati. Unangoti phi.

Galimoto itapita, Esinati anapita kwa a Nabanda kukatenga yunifolomu yake. Pobwera anauza amayi kuti chiguduli chimene chinasowa kuseri kwa nyumba chili ndi ine, ndipo ndi chimene ndinkanamizira makina. Amayi anati amva, ndipo anamutuma kukatunga madzi.

Epulo ndi Meyi

Chimanga sitinakolole, chinali chitafa kale. Koma pa chinyezi cha mvula ija amayi anawokera mbatata ndi kudzala khobwe, ndipo zinagwira. Fodya wochulukayo anafuna osoka, owotcha ndi osankha mpaka Meyi, ndipo a Marufu analemba komboni yonse popanda kutchulanso za zvigure. Kumsika ena mwa masamba a Januwale anatsika giredi chifukwa chothyoledwa msanga. Tonde amandiloza chala mpaka lero pa nkhani imeneyo. A Marufu sananenepo kanthu kwa ine, koma nambala ija anaibwezeretsa pa foni, ndipo tsopano amadikira uthenga.

Rudo anabwera kumapeto kwa Meyi ndi khola la waya. Analimanga mozungulira timbale tija n'kukhomapo loko. Akuti kompyuta yayambanso kukhulupirira makina athu, ndipo za Lachisanu lija akuzigwiritsa ntchito poikonza kuti isamachedwe kuona chinyezi cholowa usiku.

"Ukumva chisoni ngakhale pang'ono?" anandifunsa.

"Ndi udzu uja, sisi. Ndikanayamba kufinya kuyambira pachiyambi."

Anaponya sipanala, ndinaizinda.

Esinati tsopano ali ku sekondale, ndipo akadali kazitape. Khola lija ndinaliyang'ana bwinobwino tsiku lomwelo. Mipata ya waya ndi yaing'ono, chiguduli sichingalowe. Sokosi yonyowa yokoledwa ku kawaya kopinda ingalowe popanda vuto. Sindinayesepo. M'mawa uno ndagogoda mgolo, ukuti phi kuyambira pamwamba.